Rozi Woyanga Wakana Maluwa: Ndalakwitsa Pati?

FUNSO: Zikomo bambo. Kwathu ndi ku Dedza, koma pano ndimasamalira maluwa panyumba ina ku Randburg. Kuseri kuli rozi woyanga wa timaluwa tachikasu, wopanda minga, amene anakuta mpanda wonse. Mu Julayi ndinamudulira limodzi ndi marozi ena monga anzanga anandiuzira. Okutobala wadutsa, enawo achita maluwa koma iyeyu ndi masamba okhaokha. Madamu sakuyankhula, koma nkhope ikuoneka. Akufunanso ndibzale wina kukhoma lakutsogolo. Ndithandizeni ntchito isanandithere. — Wowerenga wa ku Randburg

YANKHO: Achimwene, mtima m'malo, roziyo sanafe. Kungoti maluwa ake munawataya nokha pa wilibala mu Julayi muja.

Anzanuwo sananame. Kuno ku Johannesburg marozi amadulidwadi chakumapeto kwa Julayi, chisanu chikamapita. Koma lamulo limenelo ndi la marozi oima okha, aja amatulutsa maluwa pamphukira zatsopano kangapo pachaka. Wanuyo ndi wa mtundu wina. Mmene mwafotokozeramo, ameneyo ndi Banksia, kwawo ndi ku China, ndipo ali m'gulu la marozi amene azungu amati rambler. Awa amachita maluwa kamodzi kokha pachaka, cha mu Seputembala ndi Okutobala, panthambi zomwe zinakula chaka chatha. Mukadula m'nyengo yozizira ndiye kuti mwakolola chimanga chisanamasule ngayaye.

Inenso zinandichitikira nditangofika kumene, ndikugwira ntchito cha ku Northcliff. Ndinameta rozi wa rambler wotchedwa Albertine wa mayi wina wokalamba mpaka kutsala zitsa, ndikudziona ngati katswiri. Mayiyo anangoima pakhonde manja ali m'chiuno. Ndinaphunzira tsiku lomwelo.

Ndiye chaka chino musiyeni akule. Nthambi zazitali zimene akutulutsa panozi ndizo zidzanyamule maluwa chaka chamawa. Musazilole kuloza kumwamba. Zigonekeni chopingasa, muzimange ndi chingwe chofewa pawaya, osathinitsa. Nthambi yogona imaphukira m'mfundo iliyonse, pamene yoima imachita maluwa kunsonga kokha, kumene amaona ndi a neba. Nthawi yodulira ndi maluwa akangofota, cha mu Novembala. Pamenepo chotsani nthambi ziwiri kapena zitatu zokalamba kwambiri kuyambira pansi, ndi zouma zonse. Basi. Madamuwo afotokozereni zimenezi mosabisa. Kuvomereza kumachepetsa mlandu.

Tsopano za kukhoma lakutsogolo. Musanagwire khasu, yang'anani m'mwamba. Makoma ambiri a kuno ali ndi waya wamagetsi, ndipo Banksia amatha kupitirira mamita sikisi. Akangokhudza wayayo, alamu izilira usiku uliwonse mvula ikagwa, ndipo wodzutsidwa mudzakhala inu. Ngati waya ulipo, ndi bwino amangitse kakhonde ka mitengo pakati pa bwalo, kapena rozi akwere mtengo waukulu wolimba. Timitengo tofooka amatigwetsa, chifukwa akakula amalemera zedi.

Malowo pazifika dzuwa maola osachepera sikisi. Dzenje likhale masentimita 60 m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo litalikire khoma ndi theka la mita, chifukwa m'tsinde mwa khoma mvula sifika bwino komanso mumakhala zigumu za simenti zomwe omanga anakwirira. Dothi lomwe mwafukulalo sakanizani ndi manyowa owolerana bwino ndi dzanja limodzi la bonemeal (ufa wa mafupa). Manyowa a nkhuku aawisi ayi, amawotcha mizu. Pochotsa mbande m'pulasitiki musaswe dothi la kumizu, ndipo muiike mopendekera pang'ono kuloza kumene idzakwere. Thirani madzi ndowa yathunthu ya malita 20, kenako phimbirani pansi ndi udzu wouma monga timachitira pa nazale ya fodya kumudzi.

Chaka choyamba muzithirira kawiri pasabata, madzi ambiri nthawi imodzi, osati kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Thirani pansi, masamba asanyowe. Kumbukiraninso kuti m'miyezi yotentha a Johannesburg Water amaletsa kuthirira ndi payipi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, choncho muzilawirira.

Pa nkhani ya mtundu, ine rozi wotchedwa Dorothy Perkins sindimukonda. Ndi wakale, wa 1901, maluwa ake apinki ndi okongola, koma amagwidwa msanga ndi chinguwi choyera chija chonga ufa pamasamba, makamaka pakhoma posapita mphepo. Albertine amanunkhira bwino koma minga yake ndi ya nkhanza. Pafupi ndi geti pomwe ana amadutsa musamuike. Ngati madamu sanasankhe, apempheni mupite limodzi ku Emmarentia, kumunda wa maluwa wa Botanical Garden, akaone marozi okhwima ndi maso awo, kenako mukafunse ku nazale monga ya Ludwig's kuti amene wawasangalatsayo amatalika bwanji.

Matalala akagwa mu Novembala n'kuthyola nsonga, musadandaule. Dulani pothyokapo, aphukanso.