Kodi Nelson anachita kugula ukaputeni ali ndi zaka 20?

Owerenga wina wanditumizira funso pa imelo. Akuti anamva kuti Horatio Nelson, mkulu wotchuka wa nkhondo zapanyanja, anakhala kaputeni wa sitima yankhondo ya Britain ali ndi zaka 20 zokha, ndiye akufuna kudziwa ngati anagula udindowo ndi ndalama, kapena anangokhala wanzeru kuposa anzake.

Bambo, sanagule ayi. Kwa asilikali a pamtunda ndiye maudindo ankagulidwadi mpaka 1871. Panyanja sizinkatheka, chifukwa mbuli ikhoza kugwetsera pamiyala sitima ya mizinga 74 yokhala ndi anthu 600 usiku umodzi wokha. Komabe nzeru pazokha sizinkakwanira. Pankafunikanso wamkulu wokugwira dzanja, ndipo wa Nelson anali amalume ake, Kaputeni Maurice Suckling, amene anamutenga pa sitima yawo yotchedwa Raisonnable mu 1771, mwanayo ali ndi zaka 12.

Mnyamata wotere ankalembedwa ngati wantchito wa kaputeni, kenako n'kukhala midshipman, kutanthauza wophunzira uofesala. Malo ake ogona ankakhala pansi penipeni pa sitima, mumdima ndi mufungo la madzi oola. Ankakwera milongoti pamodzi ndi amalinyero kukakulunga matanga, n'kumaloweza dzina ndi ntchito ya chingwe chilichonse. Ulonda unali wa maola 4, kupatula wa madzulo, kuyambira 4 koloko mpaka 8 koloko, umene ankaudula pawiri kuti gulu limodzi lisamadzuke pakati pa usiku tsiku ndi tsiku.

Ntchito imene inkasiyanitsa wophunzira uofesala ndi malinyero wamba inali kudziwa pamene sitima ili. Ankaponya m'madzi kathabwa komangidwa ku chingwe chokhala ndi mfundo zotalikirana pafupifupi mamita 14 ndi theka. Wina ankatembenuza kabotolo ka mchenga kotha m'masekondi 28. Mchenga ukatha, chingwe ankachigwira n'kuwerenga mfundo zimene zadutsa m'manja: zikakhala 7, ndiye kuti sitima ikuyenda mamailosi apanyanja 7 pa ola. Liwirolo, mbali imene kampasi ikuloza ndi nthawi imene yadutsa ndizo zinkawauza pamene afika. Vuto linali lakuti chingwe chimatamuka chikanyowa, mchenga umagwirana kukakhala chinyezi, ndipo madzi oyenda pansi pa sitima amaikokera kumbali kathabwako osasonyeza kanthu. N'chifukwa chake dzuwa likafika paliwombo anyamata onse ankaima pamwamba ndi zida zoyezera kutalika kwake, aliyense n'kupereka masamu ake kwa kaputeni.

Mayeso a ulefitenanti, udindo wa ofesala wapansi pa kaputeni, anayamba mu 1677, ndipo amene anawalimbikira ndi Samuel Pepys, mlembi wamkulu wa za sitima zankhondo ku England. M'masiku a Nelson munthu ankayenera kukhala atatha zaka 6 panyanja, ziwiri mwa izo ali midshipman kapena wothandizira woyendetsa sitima, komanso atakwanitsa zaka 20. Ankabwera ndi mabuku ake a ulendo ndi makalata a makaputeni amene anawatumikira, n'kuima pamaso pa makaputeni atatu. Mafunso anali apakamwa: mphepo yatembenuka mwadzidzidzi, ikukankhira sitima kugombe, nangula sakugwira, ulamula chiyani choyamba? Wochita chibwibwi ankabwezedwa kunyanja.

Apa ndi pamene chinyengo chinkalowera. Makaputeni ankalemba maina a ana a abale awo m'buku la sitima anawo akusewera kwawo, kuti zaka ziziwerengedwa. Thomas Cochrane, amene anadzakhala kaputeni wotchuka, analembedwa choncho ali kamwana, koma sitima anakaiponda mu 1793 ali ndi zaka 17. Nelson anakhoza mayeso mu 1777 ali ndi zaka 18, ndipo mmodzi mwa omufunsa anali amalume ake aja, amene panthawiyo anali mkulu ku ofesi yoyang'anira sitima zankhondo. Ntchito ankaidziwadi, zimenezo palibe amatsutsa, koma zaka zinali zosakwana ndipo palibe anafunsa.

Kukhoza mayeso sikunali kupeza malo. Ena ankadikira zaka zambiri, ndipo ambiri amene anapeza ulefitenanti anamera nawo imvi. Malo ankatseguka munthu akafa, ndipo ku zilumba za West Indies matenda a chikasu ankatsegula malo ambiri kuposa mizinga ya adani. Kumeneko admiral, mkulu wolamula gulu la sitima, anali ndi mphamvu yodzaza mipata ndi anyamata amene iye wawakonda. Sir Peter Parker, admiral amene ankalamula sitima za ku Jamaica, anapatsa Nelson kasitima kotchedwa Badger kumapeto kwa 1778, ndipo mu June 1779 anamukweza kukhala kaputeni weniweni wa Hinchinbrook, ya mizinga 28. Yerekezani ndi James Cook, wofufuza maiko wotchuka, mwana wa munthu wogwira ntchito pamunda wa eni: analowa ngati malinyero wamba mu 1755, ulefitenanti n'kuupeza mu 1768 ali ndi zaka 39.

Chimene ambiri sachimvetsa ndi ichi. Tsiku limene munthu wakhala kaputeni wa sitima ya mizinga 20 kapena kuposerapo, dzina lake linkalembedwa pansi pa mndandanda wa makaputeni. Kuchokera pamenepo zinali ngati mzere wa pachigayo: sungadumphe amene anafika kale, ngakhale utapambana nkhondo zingati. Ankakwera pokhapokha a pamwamba pake akafa kapena akakwezedwa. Ndiye mpikisano wonse unali wofika pamndandandawo uli wamng'ono. Nelson anakhala admiral mu 1797 ali ndi zaka 38 chifukwa cha tsiku lija la 1779. Wolowa pamndandanda ali ndi zaka 40 nthawi yake inkakwana atakalamba, ndipo ena ankangopatsidwa dzina la admiral n'kupumitsidwa osalamulako gulu la sitima.

Kukakhala mtendere, sitima zambiri zinkamangidwa padoko, maofesala n'kumalandira theka la malipiro. Nelson yemweyo anakhala kumudzi kwawo ku Norfolk kuyambira 1788 mpaka 1793, akulemba makalata opempha sitima osayankhidwa zomveka.

Chuma chenicheni chinali m'sitima za adani zogwidwa. Mtengo wa sitima ndi katundu wake unkagawidwa m'magawo 8. Chisanafike chaka cha 1808 kaputeni ankatenga atatu, ngakhale limodzi linkapita kwa admiral womulamula, ndipo amalinyero onse ndi asilikali wamba ankagawana awiri okha. Mu 1762 sitima ziwiri za Britain zinagwira Hermione ya Spain itadzaza chuma chochokera ku Lima ku Peru, kaputeni aliyense n'kulandira mapaundi pafupifupi 65,000, malinyero aliyense oposa 480. Mwayi wotere unkagwera sitima zopepuka zoyenda zokha. Kaputeni wa sitima yaikulu yolondera doko la adani la Brest ku France miyezi yonse yachisanu ankabwerera ndi nyamakazi basi.

Udindowu unalinso ndi mbali yoopsa. Kaputeni aliyense wotaya sitima, kaya ndi namondwe kaya ndi nkhondo, ankaimbidwa mlandu pabwalo la asilikali. Ambiri ankapezeka osalakwa. Koma lamulo linkati wosachita zonse zimene akanatha pamaso pa mdani aphedwe, ndipo silinkaona nkhope. Admiral John Byng, atalephera kupulumutsa chilumba cha Minorca kwa asilikali a France mu 1756, anawomberedwa pa 14 March 1757 pamwamba pa sitima ya Monarch padoko la Portsmouth, ngakhale oweruza ake omwe anamupemphera chifundo kwa mfumu.