Agogo akukandabe, kodi tipopere nyumba?

Mayi wina wandilembera za apongozi ake a zaka 84 amene akuwasamalira. Agogowo akungokanda usiku wonse, kuchipatala anati ndi mphere, mankhwala anapakidwa, koma kuyabwa sikunaleke, ndipo ana awiri m'nyumbamo ayambanso kukanda. Akufunsa ngati aitane a zaumoyo adzapopere nyumba. Kumapeto kwa kalatayo alemba kuti: "Timawasambitsa tsiku lililonse, musatiyese auve."

Amayi, mawu omalizawo ndiwo andichititsa kuyankha msanga. Mphere sizibwera ndi uve ndipo sizichoka ndi sopo. Zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes scabiei, kovuta kukaona ndi maso. Kakakazi kamaboola khungu, n'kumaikira mazira awiri kapena atatu patsiku m'kanjira kamene kakumba. Mazirawo amaswa pakatha masiku 3 kapena 4. Madzi osamba safika kumeneko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 200 miliyoni amakhala ali ndi mphere nthawi ina iliyonse, ndipo mu 2017 linaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa. Manyazi ndiwo amachedwetsa mabanja kupita kuchipatala, n'chifukwa chake ndimadana ndi wa zaumoyo aliyense amene amayamba ndi kufunsa ngati wodwala amasamba.

Chimene chinalakwika kwanuko n'chakuti amene anapatsidwa mankhwala ndi munthu mmodzi yekha. Wotenga mphere koyamba amatha masabata 4 mpaka 6 asanamve kuyabwa, koma nthawi yonseyo akupatsira ena. Inu amene mumawasambitsa agogo ndi kuwatembenuza pabedi, n'kutheka kuti muli nazo kale. Mukachiza agogo okha, mawa manja anu omwewo awabwezera. Chipatala chopereka chubu chimodzi ku banja la anthu 6 changotaya mankhwala, ndipo pamenepa sindibwerera m'mbuyo.

Chinanso, khungu la okalamba limanamiza. Kwa achinyamata mphere zimaonekera pakati pa zala, pamfundo za manja, m'khwapa, pamchombo ndi kumaliseche. Kwa agogo ogona nthawi yaitali zimapezeka kumsana, m'mutu ndi kuseri kwa makutu. Ambiri amaziyesa khungu louma la ukalamba n'kugula mafuta a steroid monga betamethasone. Kuyabwa kumachepadi, koma tizilombo timachulukana mosaletseka. Mphere wamba zimakhala ndi tizilombo 10 kapena 15 thupi lonse. Pali mtundu wina wa mphere wa nkhanambo zokhuthala, zotuwa ndi zong'aluka, umene umagwira okalamba ndi anthu a chitetezo chofooka. Pamenepo tizilombo timafika masauzande ngakhale mamiliyoni, ndipo wodwala mwina sakanda n'komwe. Mukaona zotere m'manja, kumapazi kapena m'zikhadabo, mankhwala opaka okha sangathe. Pamafunika dokotala ndi mapiritsi a ivermectin kangapo.

Ndipatuke pang'ono. Mapiritsi a chlorpheniramine amene anthu amakonda kupatsa wokanda kuti agone amasokoneza mutu wa okalamba ndi kuwachititsa chizungulire. Agogo akadzuka usiku kupita kuchimbudzi n'kugwa, fupa la m'chiuno lothyoka ndi vuto lalikulu kuposa mphere. Musawapatse popanda kufunsa kuchipatala.

Za kupopera: ayi. Kachilombo ka mphere kakachoka pathupi kamafa pakatha masiku 2 kapena 3. Kupopera n'kwa nsikidzi, zimene zimabisala m'ming'alu ya bedi ndi m'misoko ya matiresi, zimaluma malo osafunda, zimasiya timadontho takuda pansalu, ndipo zimatha miyezi osadya. Nsabwe za m'zovala nazo zimakhala m'misoko, ndipo mankhwala ake ndi madzi otentha ndi simbi. Mankhwala ophera tizilombo a m'munda kapena a ziweto asayandikire khungu la munthu.

Zoti muchite

Pitani kuchipatala chapafupi ndi mndandanda wa onse ogona m'nyumbamo, zaka zawo, ndipo munene ngati alipo woyembekezera kapena khanda. Pemphani mankhwala a onse, okwanira kupaka kawiri. Ngati agogo sayenda, funsani ngati namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera angabwere kunyumba.

Onse mupake usiku umodzi. Mankhwala opaka a permethrin wa 5% amafuna pafupifupi magalamu 30 pa munthu wamkulu, ndipo akhale pathupi maola 8 mpaka 14. Benzyl benzoate wa 25% amakhala maola 24 ndipo amawawa pamene pali zilonda. Khungu likhale louma ndi lozizira, osati atangotuluka m'madzi otentha. Pakani thupi lonse, osati pokhapo poyabwa. Kwa agogo onjezani m'mutu, m'khosi, kumaso ndi makutu, kupewa maso ndi pakamwa. Wengani zikhadabo, mulowetse mankhwala kunsi kwake. Mukasamba m'manja kapena kuwasintha thewera, pakaninso pamene mwatsukapo. Pakatha masiku 7 bwerezani zonse, chifukwa mazira ena amapulumuka ulendo woyamba.

M'mawa mwake chapani zovala ndi zofunda za masiku 3 apitawo m'madzi otentha kwambiri, oposa madigiri 50. Zosachapika mangani m'thumba la pulasitiki kwa sabata.

Kuyabwa kumapitirira masabata 2 mpaka 4 ngakhale tizilombo titafa, choncho musapake kachitatu mwa nokha. Bwererani kuchipatala msanga mukaona tiziphuphu tatsopano, mafinya, kutentha thupi, kutupa nkhope kapena mkodzo wofiirira, pakuti mabakiteriya olowa m'zilonda zokandazo amatha kuwononga impso.