Mazira a ram akuyera n'kutha: kodi yaimuna ndi gojo?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chinamwali. Akuti chaka chatha anagula tinsomba tiwiri ta ram (tinsomba towetedwa m'thanki, ta m'banja la nsomba lotchedwa cichlid) ku Blantyre, ndipo taikira kale mazira katatu pa kamwala kafulati. Ulendo uliwonse, tsiku lachiwiri mazira amayera mbee ngati ufa woyera, ndipo kukacha tsiku lachitatu palibe ndi limodzi lomwe. Pansi pa thanki anathira zigoba za nkhono zoperapera poti anamva kuti ma cichlid amakonda zimenezo. Funso lawo n'lachidule: "Kodi yaimunayi ndi gojo?"

Achimwene, musafulumire kuiweruza yaimunayo. Ine diso langa lagwera pa zigobazo.

Amene anakulangizani ankaganiza za mbuna. Sindikuwadzudzula, chifukwa ife kuno tikamva cichlid timathamangira ku nyanja yathu: chambo, utaka, mbuna za ku Cape Maclear. Madzi a nyanja ya Malawi pH yake (muyeso wa asidi m'madzi, nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo zigoba zija zimakokera madzi a m'thanki kumeneko. Koma ram, imene dzina lake la sayansi ndi Mikrogeophagus ramirezi, kwawo ndi ku madambo a mtsinje wa Orinoco ku Venezuela ndi Colombia, kumene madzi ndi ofunda, opanda miyala yambiri yosungunuka, ndipo pH imakhala cha m'ma 6 kapena kutsika apo. Nsomba yaikulu imapirira madzi olakwika n'kumadya bwinobwino, koma dzira silipirira. Chotsani zigobazo pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kapena itatu, muikemo mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino. Mukachita zonse tsiku limodzi mudzapha makolo omwe.

Simunanene kumene mumatunga madzi. Ngati ndi a pampopi, thirani mankhwala ochotsa klorini musanawalowetse m'thanki. Ngati ndi a pamjigo, ayezeni kaye, chifukwa mijigo ina, makamaka yolowera ku Chilwa, madzi ake ndi amchere. Nyengo ya dzinja mungathe kusakanizako madzi a mvula, koma oyamba kutsika padenga muziwataya.

Chachiwiri ndi kuzizira, ndipo apa ndikulankhula monga munthu amene zinamuonekera. Ram imafuna madigiri 27 mpaka 29 kuti iswane bwino. Mwezi wa June wina zanga zinaikira madzulo, ine n'kusangalala mpaka kuitana mayi a kunyumba kuti adzaone. Usiku magetsi anathima, hita n'kuzima, ndipo mukudziwa mphepo yotsika m'phiri la Zomba nthawi imeneyo. M'mawa thermometer inkaloza 21. Yaikazi inali itabisala kuseri kwa fyuluta, itazimiririka mtundu, ndipo yaimuna inali pa kamwala ikutola mazira limodzilimodzi ngati nkhuku pa chimanga. Kuyambira pamenepo, magetsi akathima ndimafunditsa thanki bulangete, n'kuyandamitsamo mabotolo awiri a madzi otentha otseka bwino. Sizooneka bwino pabalaza, koma zimagwira ntchito.

Tsono tibwere ku funso lanu lenileni. Musanaganize za ugojo, tsimikizani kuti muli ndi yaimuna n'komwe. Zazikazi ziwiri zimatha kuyeretsa mwala pamodzi, imodzi n'kuikira, mazira onse n'kuyera chifukwa palibe wowathirira umuna. Yaikazi imakhala ndi mimba yofiirira, ndipo m'kati mwa banga lakuda la m'nthiti mumanyezimira timadontho tabuluu. Yaimuna ndi yokulirapo, banga lake nthawi zambiri n'lakuda bii, ndipo minga yakutsogolo ya chipsepse cha pamsana ndi yaitali. Zikamaikira khalani patali muonetsetse: yaikazi imadutsa pamwala n'kusiya mzere wa mazira, yaimuna n'kutsatira pambuyo pake. Ngati mazira oyera ndi ochepa chabe pakati pa ena ooneka ngati uchi, palibe vuto, makolo amachotsa okha kuti nkhungu isafalikire.

Za kudya mazira, tinsomba tachinyamata timachita zimenezi maulendo angapo tisanaphunzire kulera, ndipo ma ram ambiri a m'masitolo analeredwa popanda makolo, motero ena saphunzira n'komwe. Komanso anthufe timawonjezera vuto. Ana kugogoda galasi, inu kuunika ndi tochi ya foni pakati pa usiku kuti muwerenge mazira, zonsezi zimachititsa kholo kuona ngati chisa chaonekera kwa adani. Phimbani mbali imeneyo ndi katoni. Ngati muli ndi pleco (nsomba yodya ndere m'thanki) kapena nkhono zikuluzikulu m'thankimo, zisamutseni, chifukwa zimenezo zimadya mazira usiku makolo ali mtulo.

Zikayenda bwino, mazira amaswa pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo tiana timayamba kusambira patatha masiku ena pafupifupi asanu. Kukamwa kwake n'kochepetsetsa moti flakes, chakudya chouma cha nsomba cha m'masitolo, sitingathe kumeza. Konzeranitu infusoria (tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timene tiana timadya) m'botolo la madzi a m'thanki ndi katsamba ka letesi, muike pawindo tsiku lomwe zaikira, kenako tiana tikayamba kusambira n'kudya infusoria masiku angapo muyambe kupatsa brine shrimp (tizilombo tina ta m'madzi a mchere) yongoswa kumene.

Zisiyeni ziikire kawiri madzi atasintha. Mazira akayerabe onse, pamenepo ndiye musinthe yaimuna, ndipo mundilembere mundiuze pH imene mwapeza.