Amayi anu sanasokoneze, agogo anapitadi ku Madagascar

Achimwene amene munandilembera Lachiwiri lija, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mukuti kuntchito akufuna kukutumizani ku Antsiranana, kumpoto kwa Madagascar, zaka ziwiri, nde mukufunsa ngati munthu wakwathu kuno angakhaleko bwinobwino komanso mutenge chani. Koma kumapeto kwenikweni munaikako kamzere kena, koti amayi anu atamva anangoti "kumeneko nkumene kunapita agogo ako nthawi ya Keyala", inu nkuseka poganiza kuti asokoneza ndi Burma. Kamzere kameneko ndi kamene kandikhazika pansi usiku uno. Amayi sanasokoneze ayi.

Ine ndinakhalako kumeneko kuyambira 2017, zaka ziwiri ndi miyezi inayi, tinkaika mapampu a sola mmidzi. Poyamba dziwani kuti dzina loti Antsiranana mudzingoliona pa tikiti ndi pa mapepala a boma, anthu onse amangoti Diego, kuchokera ku dzina lakale lija Diego Suarez. Chinthu choyamba kundilandira chinali mphepo. Amaitcha varatraza. Ganizani mwera wa kunyanja koma osasiya, miyezi ndi miyezi, zitseko kumangomenyetseka usiku onse, fumbi mmaso, malaya ukayanika opanda zopanira ukawatola kwa aneba. Masabata oyamba sindinkagona, ndinkangomvera malata akulira nkumadzifunsa kuti kodi ndalama imeneyi ndi yoti ndisiyire mkazi ndi mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe?

Nde kunabwera nkhani ya mpunga. Ife mpunga timauona ngati wa pa Khisimisi kapena kukabwera alendo eti, kumeneko ndi mmawa, masana, madzulo, ndipo mbale yake imadzadza ngati phiri ndiwo kangachepe pambali. Mwezi oyamba ndinkasangalala, wachiwiri thupi linayamba kufunsa nsima, moti umadya nkukhuta koma mtima osakhazikika ngati sunadye kanthu. Chimanga chimapezeka pamsika koma ufa osalala ngati wathu ndinausowa, ndinachita kukapempha wa chigayo china kuti andigayire kawiri, iye kumangondiyang'ana kudabwa. Tsiku lina pa kalesitilanti kena kuseri kwa msewu wa Rue Colbert mayi wina anandibweretsera ndiwo yobiriwira yoti sindinaiitanitse ndi dzina, ndinangoloza mpoto. Nditalawa ndinasiya sipuni. Chigwada! Chigwada chenicheni chosinja mu mtondo, chophika ndi nyama ya nkhumba, iwo amati ravitoto. Ndinadya misozi ili mmaso, mayi uja mpaka anabwera kudzafunsa ngati tsabola wachuluka.

Mayi yemweyo ndi amene anandiphunzitsa ndalama. Ndalama yawo ndi ariary koma anthu ambiri pamsika amatchulabe mitengo mu ma franc akale, ndipo ariary imodzi ndi ma franc 5. Nde munthu akati 5,000 iwe nkupereka 5,000 ariary walipira kasanu. Ine ndinachita zimenezo sabata yathunthu, mpaka tsiku lina ananditsatira panja, kundigwira dzanja, kundibwezera chenje yonse ya tsiku limenelo nkundilembera masamu ake pa kapepala ka shuga. Kapepalako ndikadali nako.

Koma zimenezi ndi zazing'ono. Chimene chinkandidya ndi Lamulungu. Nyumba imene anatipatsa inali ya mpanda, jenereta ilipo, intaneti ilipo, anzanga onse olankhula Chifalansa, nde ine ndikangoweruka chitseko tseke, foni mmanja, WhatsApp ndi akunyumba mpaka bandulo ithe. Miyezi isanu ndinakhala choncho, thupi ku Diego mtima ku Area 25. Amene ananditulutsa ndi mlonda wathu, bambo wachikulire ndithu wa imvi, amene tinkalankhulana ndi manja komanso Chifalansa changa chothyokathyoka. Anandifunsa kwathu, ndinamujambulira mapu pa dothi, uku Mozambique uku nyanja yathu. Anagwedeza mutu nkunena kuti "Makoa". Pambuyo pake ndinadzamva kuti Makoa ndi zidzukulu za anthu amene anawoloka nawo nyanja ngati akapolo kuchokera ku gombe la Mozambique ndi kumtunda kwake, nanga kumtunda kwake si kwathu kuno? Kenako anati Lamulungu uvale bwino ndikuperekeze kwa abale ako.

Tinakwera bajaj, tinjinga ta mateyala atatu tachikasu tija tadzadza tauni yonse, ulendo wa mphindi zochepa chabe. Anandifikitsa pa manda a asilikali a Commonwealth. Malo osesa bwino, miyala yoyera yofanana ili pa mizere, yoposa 300. Ndinayamba kuwerenga ngati mlendo aliyense, mayina achizungu, kenako ndinafika pa mizere ina pamene pansi pa nambala palembedwa King's African Rifles, Keyala ija, ndipo mayina ake achimwene, ena mwa iwo ndi mayina oti ukawaitana pa msika wa Zomba kapena ku Mangochi munthu atembenuka. Miyendo inandithera mphamvu, ndinakhala pansi pa udzu.

Chifukwa nanenso agogo anga aamuna anali a Keyala. Anamwalira mu 1994 ine ndili ndi zaka 11. Anali ndi thiranki yachitsulo pansi pa bedi imene sitinkaloledwa kuigwira, ndipo akamwa pang'ono ankayamba kutchula "Majanga, Majanga" ife nkumaseka kumati agogo ayamba zawo zija. Ndipo tsiku limene kwaphikidwa mpunga ankakaniza kutsuka mpoto, ankathira madzi pa zopserera za pansi zija, kuwiritsa, nkumamwa mu kapu yawo ya chitsulo, agogo aakazi akudandaula kuti anthu aziti mnyumba muno mulibe masamba a tiyi. Ku Madagascar madzi amenewo amamwa nyumba iliyonse ukatha kudya, dzina lake ranon'ampango, ndipo ine ndinali nditamwa miyezi isanu yathunthu osalumikiza. Majanga uja ndi Majunga, tauni ya ku Madagascar komweko, pano amati Mahajanga. Munthu ankatiuza mbiri yake tsiku ndi tsiku ife nkumamuseka.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1942 Madagascar inali mmanja mwa Afalansa a boma la Vichy, limene linkamvera Germany, ndipo Angelezi ankaopa kuti Japan itenga doko la Diego, lomwe ndi lalikulu zedi, nkumamiza sitima zawo zodutsa mu Indian Ocean. Pa 5 May 1942 anatsika ku magombe a kumadzulo kwa tauniyi, ku Courrier Bay, masiku atatu osakwana Diego inagwa. Mantha awo sanali a bodza, chifukwa pa 30 May tisitima ta pansi pa madzi ta Japan tinalowa mu doko lomwelo, kuwononga sitima ya nkhondo HMS Ramillies ndi kumiza ina yonyamula mafuta yotchedwa British Loyalty. Koma bwanamkubwa wa Chifalansa, Armand Annet, anakana kupereka chilumba chonse. Apa mpamene anabweretsa anthu athu. Mu 22nd East African Brigade munali batalioni ya ku Nyasaland pamodzi ndi anzawo a ku Kenya ndi Tanganyika, ndipo kunabweranso brigade ina ya 27 yotchedwa ya Northern Rhodesia. Pa 10 September anaukira Majunga, nde asilikali akuda a mu 22nd Brigade aja ndi amene anayenda msewu onse wopita ku likulu, makilomita oposa 500, Afalansa akugwetsa milatho ndi kutseka msewu ndi mitengo ndi miyala, iwo akuchotsa ndi manja. Pa 23 September analowa mu likulu Tananarive, pano amati Antananarivo, nkupitirirabe kummwera mpaka pa 6 November pamene anasainirana pangano losiya nkhondo ku Ambalavao.

Tsono apa mpamene ine magazi amawira. Kusukulu ndinaloweza Versailles, ndinaloweza za Hitler ndi Mussolini mpaka ndinakhoza bwino, koma palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti anyamata a ku Chiradzulu ndi ku Ntcheu anayenda wapansi pa chilumba chimene chili tsidya lina la Mozambique pompa. Timadutsa pa chipilala cha Keyala ku Zomba ngati tikudutsa pa chulu. November ikafika timaona akuluakulu avala kaduwa kofiira pa jekete, madala awiri atatu awakhazika pa mipando kutsogolo, mawa lake taiwala. Ine ndimati kumeneku ndi kutaya anthu ako, palibe dzina lina.

Komanso musapite kumeneko ndi chifuwa chotukumula kuti agogo anga anakumasulani, ayi ndithu, ndikukupemphani. Asilikali ambiri amene ankawombera kuchokera mbali ya Afalansa anali Amalagasi eni ake ndi ena ochokera ku West Africa aja ankawatcha a ku Senegal. Munthu wakuda kuwombera munthu wakuda mnzake pa mkangano wa London ndi Vichy. John Chilembwe anadandaula zomwezi kale mu 1914 mu kalata yake ija, kuti anthu athu akukafera nkhondo yomwe si yawo, ndipo patatha zaka 28 zinali zomwezo. Nkhondo ya ku Madagascar ija itatha chilumbacho Angelezi anachipereka kwa Afalansa ena a de Gaulle, ndipo Amalagasi atadzuka pa 29 March 1947 kufuna dziko lawo anaphedwa miyandamiyanda, ufulu anadzaupeza mu 1960. Tsiku la 29 March mpaka pano ndi holide kumeneko, ndipo mudzaona nokha kuti nkhondo imene imawawawa iwo ndi imeneyo osati ya 1942. Mlonda uja ankadziwa zonsezi koma anandiperekezabe ku manda, anavula chipewa, anaima pambali mpaka ine nditamaliza. Ulemu umenewo sindinauonepo kwina.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudzitsekera. Ndinayamba kupita ku Ramena Loweruka kukadya nsomba zootcha pa mchenga, ndinakwera Montagne des Français kumene kuli zigumukire za malinga a asilikali ndipo doko lonse umaliona pansi ndi kaphiri kaja ka pakati pa madzi, Nosy Lonjo, kamene eni ake amakalemekeza ngati malo opatulika. Ndinaphunzira kupereka moni wa kumpotoko, mbola tsara, ndipo ukangotero nkhope za anthu zimamasuka. Freddy atawononga kwathu mu March 2023, uthenga oyamba kundipeza unachokera kwa mwana wa mlonda uja, poti namondwe yemweyo anali atadutsa kaye kwawo mu February, anafunsa ngati abale anga ali moyo.

Zoti mutenge ndi zoti muonetsetse

Pitani achimwene, musakane. Yambani Chifalansa lero lomwe, Chingelezi sichikufikitsani patali. Mu kontilakiti muonetsetse kuti alembamo tikiti yobwerera kunyumba kamodzi pa chaka, nyumba, ndi inshuwalansi yoti mukadwala kwambiri akunyamuleni pa ndege, ndipo akuuzeni poyera kuti malipiro ndi a ndalama yanji. Kuchokera ku Antananarivo kukafika ku Diego ndi makilomita oposa 1,000, pa taxi-brousse, maminibasi awo a maulendo ataliatali, ine ndinayenda usana ndi usiku nkupitirira, nde limbikirani ndege makamaka nthawi ya mvula, December mpaka March. Tengani neti, mthiko, adaputala ya mapulagi a timabowo tiwiri tozungulira, ndi ufa ngati malamulo a pa bwalo la ndege akulolani. Galimoto amayendetsa kumanja. Mukafika pamudzi funsani kaye fady za pamalopo, ndi zoletsa za makolo awo, ndipo akakuuzani kuti apa sitiloza ndi chala kapena apa sitidya nkhumba mverani basi.

Koma musananyamuke kakhaleni pansi ndi amayi anu, mutenge kope ndi bolopeni. Afunseni dzina limene agogo analembetsa ku usilikali chifukwa ambiri sankalembetsa dzina la pakhomo, mudzi wawo, mfumu yawo, anzawo amene anapita nawo limodzi osabwerera, ndi ngati pali kabuku kapena pepala lililonse latsala mu sutikesi. Mayina a amene anagona ku Diego mutha kuwafufuza pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission. Thiranki ya agogo anga inagulitsidwa pa maliro pomwe ndi mapepala ake onse mkati, nambala yawo sindikuidziwa mpaka lero, nde inu mukapeza yanu mundilemberenso.