Mpongozi wanga ndi Myuda wokhulupirira Yesu koma mtanda safuna kuuona, anatembenukadi?

Mayi ena a ku Zomba andilembera imelo ndipo andilola kuyankha pano poyera bola ndisatchule dzina. Nkhani yawo mwachidule ili chonchi. Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo anakwatira mtsikana wachiyuda amene azigogo ake anachokera ku Lithuania. Mtsikanayo amakhulupirira Yesu, amapemphera, Baibulo amalidziwa kuposa mwamuna wakeyo. Mayiwa popita kukaona kadzukulu anatenga kamkanda kasiliva ka mtanda ngati mphatso, mpongozi analandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, koma sanakavalepo olo tsiku limodzi. Kenako mayiwa atapachika mtanda wamtengo pamwamba pa bedi la kadzukuluko, mpongozi anawapempha mwaulemu kuti auchotse. Komwe amakapemphera kulibenso mtanda, kuli choikapo nyale cha nthambi 7, amasonkhana Loweruka, Yesu amamutchula kuti Yeshua. Ndiye funso lawo ndi ili, "Kodi munthu angakonde Yesu n'kumadana ndi mtanda wake? Anatembenukadi ameneyu kapena akungomupusitsa mwana wanga?"

Mayi, choyamba pepani. Mphatso yochokera kwa apongozi ikangoikidwa mu dirowa zimawawa, ndipo inu munapereka chinthu chimene kwa inu ndi chamtengo wapatali kuposa zonse. Koma ndikupempheni kuti musamuweruze mwanayu ndi nkhani ya mkanda. Zomwe mwafotokozazi n'zofala kwambiri pakati pa Ayuda okhulupirira Yesu, ndipo chifukwa chake ambiri a ife sitinauzidweko, kaya ku sukulu, kaya ku kalasi ya ubatizo.

Kwa ife kuno mtanda unabwera ndi sukulu ya mishoni, chipatala, nyimbo za kwaya, ndipo ndi womwe timazika pamanda a makolo athu. Kwa Myuda wa ku Ulaya unabwera mwa mtundu wina. Mu 1095 Papa Urban II anaitanitsa nkhondo yokalanda Yerusalemu, ndipo amuna amene anavomera ankasokera mtanda wansalu pa malaya awo kuti aliyense aone kuti awa ndi asilikali a Khristu. Chaka chotsatira, 1096, magulu ena asanatuluke n'komwe mu Germany anati tikavutikirenji kutali adani a Khristu ali pompano, ndiye anayamba ndi Ayuda a m'mizinda ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, ku Speyer, ku Worms, ku Mainz. Ankawauza kuti sankhani, ubatizo kapena lupanga. Ku Mainz Ayuda anathawira kunyumba ya bishopu wamkulu, zipata zinathyoledwa, ndipo makolo ena anapha ana awo kenako n'kudzipha okha poopa kubatizidwa mokakamiza. Alipo mabishopu amene anayesetsa kuwateteza, wa ku Speyer anapulumutsa ambiri, izi tisamabise. Koma chimene mayi wachiyuda anaona komaliza pachifuwa cha munthu womupha chinali mtanda, ndipo mayina a anthu amenewo anawerengedwa m'masinagoge kwa zaka mazanamazana.

Ndipo sizinathere pomwepo ayi. Mu 1144 ku Norwich ku England kamnyamata kena kanapezeka katafa nyengo ya Pasaka, anthu n'kupeka bodza loti Ayuda ndi amene akapha potsanzira kupachikidwa kwa Yesu, bodza limeneli linafalikira Ulaya yense ndipo linaphetsa anthu osawerengeka. Sabata Loyera, sabata limene ife timaliona lokoma kuposa onse, kwa Ayuda linali sabata lotseka mazenera n'kuuza ana kuti asatuluke panja, chifukwa anthu akatuluka m'tchalitchi atamva ulaliki woti Ayuda anapha Mulungu ankatola miyala. Ku Kishinev mu 1903 chipolowe chinayamba tsiku la Pasaka lenilenilo, Ayuda 49 anaphedwa. Ku Spain mu 1492 mfumu Ferdinand ndi mfumukazi Isabella analamula kuti Myuda aliyense abatizidwe kapena achoke m'dziko, ndipo amene anabatizidwawo sanapeze mtendere, bwalo la mpingo lotchedwa Inquisition linkawazonda ngati akusungabe Chiyuda mobisa, kaya uyu wavala malaya ochapa Lachisanu madzulo, kaya akukana nkhumba, kaya pakhomo pake sipakufuka utsi Loweruka, ndipo ambiri anawotchedwa wansembe atawatukulira mtanda kumaso. Ife achipulotesitanti tisaloze chala Akatolika okha, Martin Luther mu 1543 analemba buku lolangiza kuti masinagoge awotchedwe ndipo arabi aletsedwe kuphunzitsa. Usiku wa pa 9 kulowa 10 Novembala 1938 mu ulamuliro wa Hitler masinagoge anawotchedwadi Germany yense.

Sindikunena kuti Hitler ankatsata Uthenga Wabwino, ayi ndithu, komanso alipo Akhristu amene anabisa Ayuda m'nyumba zawo mpaka ena kuphedwa nawo. Koma a Nazi anapeza anthu atazolowera kale kumva kuti Myuda ndi wotembereredwa. Ku Lithuania kumene kunachokera azigogo a mpongozi wanuyu, Ayuda oposa 90 pa 100 aliwonse anaphedwa pakati pa 1941 ndi 1944, ambiri anawomberedwa m'maenje kunkhalango ngati ya Ponary pafupi ndi Vilnius, ndipo ena mwa owomberawo anali anthu a m'mudzi momwemo, obatizidwa. Ayuda ambiri a ku South Africa mizu yawo ndi ya ku Lithuania komweko, anafika nkhondo isanayambe, ndiye pafupifupi banja lililonse lili ndi achibale amene anatsala n'kuthera m'maenjemo. Mpongozi wanu anakula akumva zimenezi patebulo.

Ife a ku Malawi tikhoza kumvetsa pang'ono tikakumbukira khadi la chipani nthawi ya chipani chimodzi. Kwa wina linali kapepala chabe kolowera mu msika, mwinanso konyadira ufulu, koma kwa a Mboni za Yehova amene anawotcheredwa nyumba mu 1972 n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, kapepala komweko n'china. Simungamuuze mdzukulu wawo kuti iwe likonde basi, tanthauzo lake lenileni ndi umodzi.

Bala limeneli ndi lakuya moti ku Israel m'masukulu ena ana polemba masamu chizindikiro chophatikiza sachilemba chathunthu, amachotsa kamzere kam'munsi kuti chisaoneke ngati mtanda. Maambulansi awo ali ndi nyenyezi yofiira ya Davide, a Magen David Adom, ndipo bungweli linadikira mpaka 2006 kuti lilandiridwe mokwanira m'banja la Red Cross, pambuyo poti mayiko agwirizana za chizindikiro china chachitatu chopanda mtanda kapena mwezi.

Tsono funso lanu lenileni, kodi anatembenukadi? Mayi, pali imfa ya Yesu pamtanda, palinso kachitsulo kapena kamtengo kamene timavala pokumbukira imfayo. Chimene chimapulumutsa ndi choyambacho. Mufunseni mpongozi wanu ngati amakhulupirira kuti Yesu anamufera ndipo anauka, ndikukhulupirira akuwerengerani Yesaya 53 pamtima. Petro, Yakobo, Paulo, Maria amayi ake a Yesu, onsewa anali Ayuda ndipo palibe paliponse m'Malemba pamene tikumva kuti anavala mtanda m'khosi. Akhristu oyambirira ankajambula kwambiri nsomba ndi nangula, mtanda unadzatchuka poyera pambuyo pa mfumu Constantine m'zaka za m'ma 300. Ndiye chinthu chimene atumwi sanachifunse kwa munthu, ife tichisandutse bwanji mayeso a chikhulupiriro?

Werengani Machitidwe 15 modekha. Mkangano wa ku Yerusalemu unali woti kodi anthu a mitundu ina, ife tomwe, tingatsate Yesu osayamba takhala Ayuda? Atumwi achiyuda aja anati inde, tisawasenzetse goli. Anatichitira chifundo. Patangopita zaka mazana ochepa ife titachuluka tinatembenuza nkhani, msonkhano wa mabishopu wa ku Laodicea cha m'ma 360 unaletsa Akhristu kupuma pa Sabata, ndipo kuyambira pamenepo Myuda wofuna Yesu ankauzidwa kuti asiye zonse, chakudya chake, maphwando ake, abale ake. Chifundo chimene anatichitira ife sitinawabwezere. Izi zimandipweteka kwambiri ndikamaziganiza.

Mudziwenso kuti mtsikanayu ali pakati pa moto uwiri. Ayuda ambiri, kaya opemphera kaya osapemphera, amati Myuda akakhulupirira Yesu watuluka m'chipembedzo chachiyuda, ndipo khoti lalikulu la ku Israel mu 1989 linagamula kuti Ayuda otere awerengedwe ngati a chipembedzo china pa lamulo lolola Ayuda kubwerera kwawo. Mwina kwawo alipo amene anasiya kumuyankhula. Tsiku limene amayi ake adzabwere kudzaona mdzukulu yemweyo n'kupeza mtanda pamwamba pa bedi, kwa iwo ndiye kuti mwana wawo wapita mbali ya anthu aja anapha agogo. Pochotsa mtandawo mwina akungoyesa kusunga khomo lotseguka kwa amayi ake. Jean-Marie Lustiger, amene anali bishopu wamkulu wa Paris kuyambira 1981, anabadwa Myuda dzina lake Aaron, amayi ake anaphedwa ku Auschwitz, msasa wa a Nazi wopherako anthu ku Poland, ndipo mpaka imfa yake mu 2007 ankanenetsa kuti iye sanasiye kukhala Myuda, pamaliro pake pakhomo pa tchalitchi cha Notre-Dame panapempheredwa Kaddish, pemphero lachiyuda la olira. Iyeyo mtanda ankavala. Ena amatha, ena satha, ndipo si ife owasankhira.

Mipingo yayesako kukonza ngakhale mochedwa. Papa John XXIII mu 1959 anachotsa mawu onyoza Ayuda m'pemphero la Lachisanu Loyera. Mu 1965 msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Nostra Aetate chonena kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse a nthawiyo kapena a lero. Papa John Paul II analowa mu sinagoge wamkulu wa ku Rome mu 1986 n'kutchula Ayuda kuti akulu athu, ndipo mu 2000 anaika kapepala kopempha chikhululukiro pa khoma la kumadzulo ku Yerusalemu, malo opatulika amene Ayuda amapempherapo. A Lutheran a ku America mu 1994 anakana poyera zolemba za Luther zija. Komabe taonani zomwe zinachitika ku Auschwitz, masisitere a Carmel atatsegula nyumba yawo pafupi ndi mpanda mu 1984 kenako n'kuzikidwa mtanda wautali mamita 8, iwo ankati tikupempherera akufa, Ayuda ankati mwazika mbendera yanu pamanda a anthu athu, mkangano unatenga zaka mpaka masisitere anasamuka mu 1993. Cholinga chabwino pachokha sichichotsa ululu wa mnzako.

Ndipo ife kuno tili ndi zathu zofunika kukonza. Sewero la Njira ya Mtanda likamachitika, anyamata osewera Ayuda amakhala okuwa ndi onyoza, ana n'kumakula akudziwa kuti Myuda ndiye woipa, kuiwala kuti wosenza mtandayo, amayi olira aja ndi Yosefe wa ku Arimateya onse ndi Ayudanso, ndipo wopachika anali boma la Roma, n'chifukwa chake mu Chikhulupiriro cha Atumwi timatchula Pontiyo Pilato. Alaliki amatenga Mateyu 27:25, pamene khamu linati mwazi wake ukhale pa ife ndi pa ana athu, ngati temberero la mtundu wonse mpaka kalekale pomwe Paulo pa Aroma 11 akunena mosabisa kuti Mulungu sanataye anthu ake, ndipo akutichenjeza ife nthambi zomezanitsidwa kuti tisadzitame, muzu ndi umene ukutinyamula. Misonkhano yathu ya chitsitsimutso timaitchabe kulusedi, dzina la nkhondo za 1096 zija. Komanso fashoni yabwerayi yogula lipenga la nyanga ndi nsalu yopempherera yachiyuda n'kumazunguza pa guwa, ine sindiiona ngati kuyanjana, Ayuda ambiri zimawanyansa kuona zopatulika zawo zikuseweretsedwa ndi anthu amene mbiri yonseyi sakuidziwa n'komwe.

Sindikuti muvule mtanda wanu, valani, ndi wanu, ndipo m'nyumba mwanu ku Zomba upachikeni pomwe mukufuna, mpongozi wanzeru sadzakuletsani. Koma m'nyumba mwake mulemekezeni. Mukadzayankhulanso pa foni musayambe ndi nkhani ya mkanda, mufunseni za agogo ake, anachokera mudzi uti, ndani anatsala, ndipo akayamba kufotokoza musathamangire kunena kuti amenewo sanali Akhristu enieni, ingomverani, mawu amenewo ngakhale ali ndi choonadi amamveka ngati kuzemba. Akakuitanani ku chakudya cha Lachisanu madzulo kapena ku Pasaka wachiyuda pitani, pa Pasakapo mukaona ndi maso mkate wopanda chotupitsa ndi zikho za vinyo zonga zimene Yesu anagwira usiku wa mgonero.

Chomaliza, mu imelo yanu mwatchulamo kuti mukuganiza zodzamutengera mdzukulu kwa abusa akadzabwera ku holide kuti abatizidwe makolo ake asakudziwa. Chonde mayi musayerekeze. Mu 1858 ku Bologna apolisi a Papa analanda mwana wachiyuda wa zaka 6, Edgardo Mortara, chifukwa wantchito wa m'nyumba anati anamubatiza mobisa ali wakhanda, ndipo sanabwezedwenso kwa makolo ake. Ayuda nkhani imeneyi amaidziwa bwino. Mukachita zimenezo mpongozi wanu sadzakusiyiraninso mwana olo kwa ola limodzi, ndipo abusa oona bwino akuyenera kukukanirani. Za ubatizo wa mwanayo asiyireni bambo ake ndi mayi ake akambirane okha.