Funsani Amakaniko: Injini ikudukiza, mapulagi ndasintha kawiri koma sizikutha

FUNSO: Zikomo amakaniko athu. Ndili ndi Toyota Prado ya petulo, injini yake 2TR-FE, imene ndimanyamulira zipangizo za kumunda kuchoka m'tauni kupita ku Mitundu ndi ku Malingunde. Ino ndi miyezi itatu injini ikudukiza. Ndikaima pa maloboti galimoto yonse imanjenjemera mpaka chiwongolero, pachitunda imachita ngati wina akuikokera kumbuyo. Mapulagi ndasintha kawiri, kugalaja ina anandigulitsa makoyilo onse anayi, koma itangotha sabata vuto linayambiranso. Getsi la check engine limayaka, nthawi zina limaphethira. Kodi injini yatha? Bambo wa ku Area 25

YANKHO: Bambo, injiniyo musaiweruze msanga, ndipo musagulenso kanthu kufikira mutadziwa silinda imene ikuphonya. Kuti silinda iphulitse bwino pamafunika moto wa papulagi, petulo wosakanikirana ndi mpweya pamuyeso wake, ndi mphamvu yopanikiza imene timati compression. Ndalama zanu zonse zapita ku moto wokha. Zinazo palibe amene waziyeza.

Tiyambe ndi getsi lophethiralo, chifukwa ndilo likutidetsa nkhawa. Likamaphethira ndiye kuti petulo wosapsa akutsikira mu ekizozi n'kumakayakira mu catalytic converter, sefa yoyeretsa utsi, imene imatentha mpaka kusungunuka mkati. Petulo yemweyo amatsukanso oyilo m'mbali mwa silinda. Likayamba kutero chotsani phazi pamafuta, ndipo matumba a feteleza adikire kaye.

Silinda yolakwa imapezeka ndi mashini a diagnosis. Mashiniwo amaonetsa khodi ya vuto: P0301 ndi silinda yoyamba, ya kufupi ndi rediyeta, mpaka P0304 ya kumbuyo. P0300 ikutanthauza kuti kuphonyako kukuyendayenda. Muwauze amakaniko akulembereni makhodiwo papepala asanawafufute. Timashini totchipa tolumikiza ku foni nthawi zina sitiwerenga galimoto zimene zinapangidwira msika wa ku Japan, choncho tikakana sindiye kuti kompyuta ya galimoto yafa. Popanda mashini, lizani injini ili chiimire n'kumazula soketi ya injekita (kachipangizo kothira petulo) imodziimodzi. Silinda yabwino mukaizula injini imagwa mawu nthawi yomweyo. Imene mwazula koma osamva kusintha kulikonse, ndiyo ikudwala. Zulani injekita, osati koyilo, kuti petulo asamathiridwe pachabe.

Tinene kuti ndi silinda 3. Koyilo yake, imene imapereka moto ku pulagi, ipite pa silinda 1, pulagi yake ipite pa silinda 2, ndipo za kumeneko zibwere pa 3. Fufutani khodi, yendani mpaka getsi liyakenso. Ikatuluka P0301, koyilo ndiyo yolakwa. Ikakhala P0302, ndi pulagi. Ikakakamira pa P0303, moto ulibe mlandu, yang'anani injekita, mawaya ake kapena compression. Kuyeza kumeneku sikudya ngakhale kwacha imodzi, n'chifukwa chake zimatiwawa kumva kuti munthu wagula makoyilo anayi nthawi imodzi. Kawirikawiri imafa imodzi.

Mawu anu akuti itangotha sabata vuto linayambiranso ndi amene tawagwira kwambiri. Pali chimene chikuwononga zipangizo zatsopanozo. Zulani koyilo, unikani ndi tochi m'dzenje mmene mumakhala pulagi. Mukaona oyilo atadikha pansi, kapena labala wa koyilo atanyowa n'kufufuma, ndiye kuti masili a pachivundikiro cha mavalavu atha. Oyiloyo amafewetsa labala, moto m'malo molumpha kunsonga ya pulagi umatsetsereka kunja kwake. Chizindikiro chake ndi kamzere kakuda, kowonda ngati kolemba ndi pensulo, kotsika pa mbali yoyera ya pulagi, kosachoka ngakhale mukande ndi chikhadabo. Kamzere komweko kamakhalanso mkati mwa labala. Mukasintha pulagi yokha, labala wakale amalembanso mzerewo pa yatsopano. Mukasintha koyilo yokha, pulagi yakale imaononga labala watsopano. Inu munasintha ziwirizi pa nthawi zosiyana, ndiye n'kutheka kuti zakhala zikupatsirana. Mankhwala ake ndi gasiketi ya chivundikiro ndi masili ake, kenaka pulagi ndi labala tsiku limodzi.

Musanamasule pulagi, uzirani m'dzenjemo ndi mpweya wa kompuresa. Fumbi la ku Malingunde limadzaza mmenemo, ndipo mukangomasula lonse limagwera mu silinda. Nsonga ya pulagi nayo imalankhula: yofiirira pang'ono ndi youma ili bwino, yakuda ngati mwaye petulo akuchuluka, yonyowa ndi oyilo injini ikudya oyilo, ndipo imodzi yokha ikakhala yoyera mbee ngati yotsukidwa pamene zinzake zili ndi mtundu, madzi a mu rediyeta akulowa mu silindayo. Injini yanu imafuna mapulagi a iridium monga Denso SK20HR11, mpata wake 1.1 mm, omangidwa pa 18 Nm. Mpatawo musausinthe ndi sikuludiraiva, kansonga kake kamathyoka. Mapulagi achinyengo nawo alipo ambiri, bokosi lokongola koma kansonga kamatha msanga. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani.

Vuto likakhala pa silinda yomweyo, gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, chigwiriro pakhutu. Yamoyo imamveka tiki-tiki-tiki mosalekeza. Ndi mita yoyezera magetsi iyenera kuonetsa pafupifupi 12 ohms, zonse zinayi mofanana. Ikhoza kulira bwino koma itatsekeka ndi zinyalala, ndiye isinthanitseni ndi ina monga munachitira ndi koyilo, muikenso timalabala tatsopano kuti petulo asadonthe. Gwedezani mawaya injini ikulira. Misewu yafumbi imamasula masoketi, ndipo galimoto yogona pafupi ndi chimanga makoswe amaidya mawaya pansi pa boneti.

Compression amayeza injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsedwa, fyuzi ya EFI itazulidwa kuti petulo asathiridwe, batire lili lamphamvu, phazi litaponda mafuta mpaka pansi. Injini yabwino ya mtundu umenewu imafika cha m'ma 175 psi m'malo otsika a kugombe la nyanja yamchere, ndipo isatsike kupyola 128. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, mpweya ndi wopepuka, choncho geji imaonetsa motsikirako ndi 10 peresenti kapena kuposerapo pang'ono. Musachite mantha ndi 155. Chofunika n'chakuti masilinda afanane. Ina ikatsika kuposa 10 peresenti poyerekeza ndi zinzake, thiranimo kasupuni kamodzi ka oyilo, 5 ml, muyezenso. Ikakwera, maring'i atha, ndipo kawirikawiri wapha ndi fumbi lodutsa pa fyuluta ya mpweya yong'ambika kapena yosakhala bwino. Ikapanda kusintha, valavu yapsa. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi ya hedi yaboola pakati pawo.

Mashini akaonetsa P0300 pamodzi ndi P0171, khodi yosonyeza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo, siyani kufufuza silinda imodzi, ganizani zimene onse amagawana. Pemphani kuona fuel trim, muyeso wa petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Ikapitirira +10 peresenti injini ili chiimire koma n'kutsika mukafika pa 2,500 rpm, mpweya ukulowera pobooka: pindani paipi yalabala yochokera ku fyuluta muone ming'alu m'makwinya ake. Ikamakwera pamene mukuponda, petulo akuchepa kapena sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, yakutidwa ndi fumbi. Sensayo amatsuka ndi sipuleyi yake yokha, osaikhudza ndi chala kapena nsalu. Pampu ya petulo iyenera kupereka pafupifupi 40 psi.

Petulo weniweniyo muyezeninso, makamaka ngati munathirapo wa m'zigubu nthawi imene mafuta ankasowa. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka madzi. Thirani theka la lita m'botolo lagalasi, lisiyeni mphindi 15. Mukaona mzere wolekanitsa, zina zitakhala pansi, tsitsani thanki itsukidwe. Koma mmene mwafotokozera, kunjenjemera chiimire ndi kukoka pachitunda, ife tikukayikira silinda imodzi, ndipo tingayambe n'kuunika m'dzenje la pulagi.

FUNSO: Yanga ndi Prado yakale ya 3RZ-FE. Kukakhala dzuwa ilibe vuto, koma mvula ikagwa, kapena ndikawoloka timitsinje ta ku Dzalanyama, imayamba kutsokomola mpaka itauma. Posachedwapa yayambanso kudukiza m'mawa uliwonse ndikangoiliza. Mayi wa ku Likuni

YANKHO: Mayi, apa tikuona matenda awiri. La mvulalo ndi moto wothawa. Usiku, pamalo amdima, tsegulani boneti injini ikulira, muwaze madzi pang'ono pa mawaya a mapulagi ndi botolo lopopera. Pamene waya wang'ambika mudzaona timoto tabuluu tikulumpha, kumveka thethethe. Musawagwire ndi manja. Ndi mita, waya aliyense asapitirire 25,000 ohms. Ngati injini yanu ndi ya makoyilo awiri, imodzi imadyetsa silinda 1 ndi 4, inayo 2 ndi 3, choncho masilinda awiri a gulu limodzi akaphonya pamodzi, ndi koyilo. Mawaya sinthani onse anayi, ndipo otsuka galimoto muwaletse kulozetsa paipi ya mphamvu pa injini.

Pa za mitsinje tikuchenjezeni kwambiri. Galimoto ikazima pakati pa madzi, musailize. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Ikakhala yonyowa, chotsani mapulagi onse, kenaka muzungulitse injini kuti madzi atulukire m'mabowomo. Madzi sapanikizika, ndipo kuliza kamodzi kokha n'kokwanira kupinda con rod, chitsulo chogwira pisitoni.

La m'mawalo lingakhale mavalavu. Injini imeneyi siikonza yokha mpata wa mavalavu, imadalira mashimu, tizitsulo topyapyala tokonzera mpatawo, ndipo a ku ekizozi amanka nathina ndi zaka mpaka valavu osatsekanso bwino. Choipa chake n'chakuti valavu yothina siichita phokoso, ndiye eni ake amaganiza kuti zonse zili bwino mpaka itapsa. Injini ili yozizira, mpata ukhale 0.15 mpaka 0.25 mm kolowera mpweya, ndi 0.25 mpaka 0.35 mm ku ekizozi. Yezetsani mwezi uno, chifukwa kusintha shimu n'kotchipa kutalitali poyerekeza ndi kutsitsa hedi. Muonenso ngati madzi a mu rediyeta sakuchepa.

FUNSO: Kuntchito tili ndi Hilux ya dizilo ya 1KD-FTV ndi Land Cruiser ya 1HZ. Zonse zimadukiza m'mawa ndi utsi woyera, koma Hilux imagogodanso ndipo siisiya ngakhale itatentha. Dizilo alibe mapulagi, nanga tiyambire pati? Dalaivala wa ku Kanengo

YANKHO: Achimwene, galimoto ziwirizi musazigwire mofanana. Pa 1HZ, utsi woyera wa m'mawa wa mu June ndi July umene umatha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri kawirikawiri ndi ma glow plug, tizitsulo totenthetsa silinda injini ikamalizidwa ili yozizira. Chotsani kachitsulo kowalumikiza, muyeze iliyonse payokha: yamoyo imaonetsa pafupifupi 1 ohm, yakufa siionetsa kanthu. Ngati onse ali bwino, popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta ya dizilo musanalize. Kakakhala kofewa, n'kulimba mutapopa kangapo, ndipo injini n'kulira bwino, ndiye kuti mpweya umalowa usiku kudzera pa paipi yong'ambika kapena pa kapampu komweko. Kuti mupeze silinda yolakwa, masulani pang'ono nati ya paipi ya injekita imodziimodzi injini ikulira, mutaphimba ndi chiguduli.

Njira yomasula natiyi musaiyese n'komwe pa Hilux. Imeneyo ndi common rail, dizilo amapanikizidwa kupitirira 1,000 bar, akhoza kuboola khungu n'kulowa m'thupi. Iyo imafuna mashini a diagnosis. Injini itatentha, onani manambala amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsera injekita iliyonse. Akapitirira 3.0, kaya kokwera kaya kotsika, injekitayo kapena silinda yake ili ndi vuto. Kugogoda kumene mukumvako musakuzengereze, chifukwa injekita yothira mopyola imang'amba pisitoni. Injekita zatsopano zikaikidwa, makhodi olembedwa pamutu pake alowetsedwe mu kompyuta, ndipo mawashala a pansi pake akhale atsopano nthawi zonse. Akale akamadontha, utsi umalowa mu oyilo, oyiloyo amaundana n'kutseka sefa ya pampu ya oyilo mu sampu, ndiye potsegula uzani amakaniko aunikenso sefayo.

Pa zonse ziwiri, masulani kampopi ka pansi pa fyuluta ya dizilo, mukhetsere m'botolo loonekera mkati. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Getsi la fyuluta likayaka pa dashibodi khetsani tsiku lomwelo, ndipo ngati mumathira dizilo wa m'migolo kumunda, chitani zimenezi mwezi ndi mwezi.