Kodi Kompyuta Inatsimikiza Mankhwala a Ayurveda?

Mayi wina wandilembera kufunsa ngati amayi ake, omwe akudwala matenda a shuga, angasiye mapiritsi a kuchipatala n'kuyamba mankhwala a Ayurveda, omwe ndi mankhwala achikhalidwe a ku India, popeza wogulitsa wamuuza kuti dziko la India linawaika m'makompyuta ndipo bungwe la WHO linawavomereza. Funsoli landikhudza mtima, chifukwa malume anga anamva mawu ngati omwewa kwa wogulitsa wa pa WhatsApp, nasiya mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, ndipo patapita miyezi ingapo anafa ziwalo mbali imodzi. Botolo lomwe ankamwa linali ndi chizindikiro chokongola chopimira pa foni, ndipo iwo ankachisonyeza kwa aliyense wowachenjeza ngati umboni wokwanira.

Ntchito yomwe India inagwira ndi yeniyeni, ndipo ine ndimaiyamikira. Mu 1995 dziko la America linapatsa ofufuza a ku Mississippi chiphaso cha umwini pa kuchiza mabala ndi turmeric, muzu wachikasu umene mabanja a ku India akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Bungwe la boma la India lochita kafukufuku wa sayansi, lotchedwa CSIR, linatsutsa posonyeza zolemba zakale, ndipo chiphasocho chinafafanizidwa mu 1997. Mkangano wina unabuka ku Ulaya pa mtengo wa nimu, womwewu timaudzala m'makomo kuno kwathu, ndipo chiphaso chake chinathetsedwa mu 2000. Pofuna kupewa milandu yodula chotere, mu 2001 India inakhazikitsa nkhokwe ya pa kompyuta yotchedwa TKDL, momwe njira zachikhalidwe zochizira matenda za Ayurveda, Unani ndi Siddha zochokera m'mabuku a Chisanskrit, Chiarabu, Chiperisiya, Chiurdu ndi Chitamil zinamasuliridwa m'Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi ndi Chijapani, kuti ogwira ntchito m'maofesi opereka ziphaso aziona kuti nzeruzo si zatsopano.

Koma nkhokweyi imangochitira umboni kuti mankhwala akutiakuti analembedwa kale. Siyesa ngati amachiritsa, ndipo wogulitsa amene akuitchula ngati chitsimikizo akunamiza odwala mwadala. N'chimodzimodzinso ndi likulu la WHO la mankhwala achikhalidwe lomwe linakhazikitsidwa ku Jamnagar, m'chigawo cha Gujarat ku India, mu 2022: ntchito yake ndi kufufuza, osati kudinda botolo lililonse. Ofufuza a ku Boston atayeza mankhwala a Ayurveda ogulidwa pa intaneti, anafalitsa mu 2008 kuti pafupifupi limodzi mwa asanu aliwonse linali ndi mtovu, mercury kapena arsenic, zomwe ndi poizoni m'thupi la munthu. Intaneti yafulumizitsa malonda kuposa kuyeza, ndipo zimenezi sindingazikhululukire.

Yankho langa kwa inu mayi

Amayi anu asasiye mapiritsi awo. Ngati botololo mwagula kale, pitani nalo kwa dokotala wawo aone zomwe zalembedwapo, chifukwa zitsamba zina zikaphatikizana ndi mapiritsi zimatsitsa shuga mopitirira muyeso.